Chitseko Chopanda Chogwirira

Panali munthu wina, dzina lake Fatsani Kadzakumanja. Ndikudziwa kuti m'fanizo munthu satchulidwa dzina. Koma ameneyu anandilakwira m'mwezi wa Ogasiti, zaka zitatu zapitazo, ndipo dzina lake ndidzalitchula mpaka tsiku limene adzandikwirire. Langa ndilo sinditchula. Dzina la m'nyumba mwanga linasowa pamndandanda tsiku limene linkafunika, ndiye langa lisowenso pano. Muzingoti kalipentala.

Inu amene mukuphunzira kupanga masamba a pa intaneti muholo ya tchalitchi ino, mabenchi amene mwakhalirawo ndinakhoma ndine. Aphunzitsi anu anandipeza ndikukonza zenera, n'kunena kuti, "Madala, tamva kuti muli ndi nkhani yokhudza ntchito yathuyi." Ndili nayo. Pakamwa ndimapsa mtima msanga, ndiye ndailemba kuti akuwerengereni. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, osati chifukwa cha kuuma mutu, koma chifukwa malume anga anaona kuti ng'ombe zawo zikufuna m'busa kuposa mmene ine ndinkafunira mabuku. Imeneyo ndi nkhani ina. Mverani iyi.

Fatsani ankagwira ntchito kubungwe lina loona za maso, kuboma. Sanali dokotala. Ntchito yake inali yomwe mukuphunzirayi. Anali munthu waukhondo, wa malaya osita, ndipo ankakonda tsamba loyera mbee, lopanda mizere, lopanda chotumphuka, ngati khoma longopakidwa kumene laimu. Ankati zimenezo ndiye zamakono.

Kalipentala ankakhala kuseri kwa phiri, ulendo wa maola anayi panjinga kuchokera kuboma. Anakhoma zitseko zaka makumi anayi, za mlombwa pamene mlombwa unalipo, za paini mlombwa utatha. Sankadziwa zambiri, koma ankadziwa kuti chitseko chabwino chimayankhula chokha. Ukachiika chogwirira chotuluka kunja, dzanja limadziwa kuti likoke. Ukachiika kachitsulo kafulati, dzanja limadziwa kuti likankhe. Mlendo amene sanapondepo pakhomopo sayenera kuima n'kumapapasa ngati wakuba. Akaima, wolakwa si mlendo. Wolakwa ndi mmisiri.

Mkazi wake, a Nachisale, anagwidwa ng'ala. Inayamba diso lamanzere, ngati utsi wa nkhuni zaziwisi, kenako inaolokera kumanja. Pofika chaka chachinayi ankangosiyanitsa usana ndi mdima. Tsiku lina anathira mchere mutiyi, naseka. Tsiku lina anaponda phulusa lamoto, ndipo sanaseke. Kalipentala anatenga chingwe cha khonje n'kuchimanga kuchokera pakhomo mpaka kuchimbudzi, china mpaka kukhitchini. Pachingwepo anamangapo mfundo: imodzi pamene pali mwala, ziwiri pamene pali pokhota. Zitini anazisemera zivundikiro zamatabwa n'kuzitema ndi mpeni, cha mchere mzere umodzi, cha shuga iwiri, cha soda itatu. Nyumba yonse anaiphunzitsa kuyankhula ndi manja a mkazi wake.

Koma chingwe si maso.

Ndiye kunabwera mlangizi wa zaumoyo, a Chimphepo, panjinga yawo. Anawalitsa tochi m'maso mwa a Nachisale n'kunena kuti, "Izi zimachoka, amayi." Anati madokotala a maso akubwera kuchipatala cha mishoni mu Seputembala, masiku asanu okha, ndipo malo alipo a anthu 60. Wofuna alembetse Ogasiti asanathe. Wolembetsa adzalandira uthenga pafoni womuitana kuti akayezedwe magazi, shuga ndi kukula kwa diso, kutatsala sabata imodzi. Wosayezedwa, madokotala sadzamugwira.

Kale mlangizi ankalemba mayina m'kope. Kope lija linali lakuda ndi thukuta, m'makona muli mopindika, koma silinatayepo munthu. Chaka chimenecho bungwe linati makope ndi achikale. Aliyense alembetse patsamba limene anapanga Fatsani.

Foni inalipo, yagalasi, imene mwana wawo Esinati anatumiza kuchokera ku Joni. Kalipentala ankaigwiritsa ntchito poyankha Esinati basi. Netiweki kumudziko imagwira pachulu cha kuseri kwa dimba, ndiye iye ndi mlangizi anakwera pachulupo masana. A Chimphepo anatsegula tsamba n'kumupatsa foni.

"Dzina la amayi apa, mudzi apa, zaka apa, nambala ya foni apa. Mukatha mutumize. Koma madala, chonde, osadinadina. Dzina likalowa kawiri, makina amaliona ngati chinyengo n'kulifufuta."

Anali ndi midzi khumi ndi umodzi yoti ayende. Anakwera njinga n'kupita.

Kalipentala anatsala pachulu, dzuwa lili paliwombo. Zala za munthu wa nyundo n'zazikulu, ndipo tizilembo ta pafoni n'tating'ono ngati mapira. Dzina lokha linamutengera nthawi yoti munthu n'kupala thabwa lonse. Analemba, nafufuta, nalembanso. Anawerenga katatu. Zonse zinali bwino.

Atatsitsa tsamba kumunsi anapeza zinthu ziwiri. Choyamba chinali mawu akuti Tumizani. Anali otuwa, ofooka, ofanana ndi mawu ena onse a patsambapo, ndipo padzuwa paja ankaoneka ngati choko chofufutidwa. Analibe mpanda, analibe mzere kunsi, analibe mtundu wawowawo. Pansi pake panali chinthu chobiriwira, chokwana bwino chala chachikulu, cha ngodya zobulungira, chokhala ndi kamthunzi m'mbali ngati chatumphuka pagalasi. Pakati pake panali chithunzi cha diso.

Tsono inu ophunzira, ndiuzeni. Munthu akaona mawu olembedwa pamwamba pa chitseko, amakankha mawuwo kapena chitseko? Kalipentala anaona mawu aja ngati chikwangwani chomuuza chochita, ndipo chobiriwira chija anachiona ngati khomo lake. Anapukuta chala pamalaya, napemphera pang'ono, n'kudina chobiriwira.

Palibe chinachitika.

Anadikira. Netiweki ya kumudzi ndi nkhalamba, imayenda ndi ndodo. Anadinanso. Kenako anakumbukira mawu a mlangizi n'kuchotsa chala ngati wagwira mphika wamoto. Si wadina kawiri kodi? Nanga dzina lalowa kamodzi, kapena lalowa kawiri n'kufufutidwa, kapena silinalowe n'komwe? Tsamba linangoti duu. Silinati zikomo, silinati mwalakwitsa. Anaima pachulupo mpaka galasi la foni linazima lokha.

Kunyumba a Nachisale anamva mapazi ake.

"Zatheka, bambo a Esinati?"

"Zatheka."

Iye mwini sanadziwe ngati wanena zoona kapena bodza.

Kuyambira tsiku limenelo a Nachisale anasintha. Anayamba kuimba posenda chinangwa. Anauza mwamuna wawo kuti awatulutsire chitenje cha m'sutikesi, n'kufunsa ngati maluwa ake akadali ofiira.

"Tikabwerako chingwechi mumasule," anatero. "Mukamangire mbuzi. Ine ndatopa kukhala mbuzi pakhomo pano."

"Ndimasula."

"Ndipo mumete ndevu zimenezo, zikumveka ngati tsache. Ndikufuna ndione ngati ndinudi amene ndinakwatiwa nanu, kapena anandisinthira munthu ine ndisakuona."

Kalipentala anaseka ndi pakamwa pokha.

Foni ankayenda nayo m'thumba la pamtima. M'mawa pachulu, masana pachulu, madzulo pachulu, mpaka muudzu munapangika kanjira. Ikalira, ankaisolola msangamsanga. Kawiri unali uthenga wa otsatsa malonda. Kamodzi anali Esinati, kufunsa ngati uthenga wafika. Anamuyankha kuti ukubwera, ndipo Esinati anati wapempha kale tchuthi cha Disembala kuti amayi ake adzamuone ndi maso.

Moto wa foni ankatchajitsa kugolosale ya a Dzoole, pamsewu. A Dzoole amadziwa mafoni. Pashelefu pawo pamakhala khumi nthawi imodzi. Kalipentala anawapempha kuti atsegule tsamba lija aone.

"Munadina chiti?"

"Chobiriwiracho."

"Eya, batani ndi limenelo. Nanga lina liti? Pitani mukagone, achikulire, mukuonda ndi zinthu zopanda pake."

Anabwerera mtima uli m'malo. Unakhala m'malo masiku awiri.

Sabata yachiwiri a Maliseni a tsidya la mtsinje analandira uthenga wawo. Iwo anawalembetsera mkamwini wawo, pakompyuta ya kuntchito kwake kuboma. Anayenda mudzi wonse akuonetsa anthu foni, ngakhale eni akewo uthengawo sankauona. Anafikanso kwa kalipentala.

"Wanu wafika, anzathu?"

"Ukubwera."

"Aa, wathu wagona kale masiku atatu. Paja ife anatilembera ophunzira."

A Nachisale anali pamphasa, akumva. Tsiku limenelo chinangwa anachisenda mosaimba.

Kalipentala anakweranso chulu n'kutsegula tsamba. Malo onse amene analemba anali opanda kanthu. Anaganiza kuti mbale ikabwerera yopanda kanthu ndiye kuti alendo adya. Anaganizanso kuti mbale imakhalanso yopanda kanthu ikatayikira panjira. Akanatha kulembanso. Chala chinafika pagalasi. Koma ngati dzina linalowa kale, kulembanso kukanakhala kulipha ndi dzanja lake lomwe. Anabweza foni m'thumba.

Anatsatira a Chimphepo mpaka kumudzi wachitatu, kumene ankayeza ana, n'kuwapeza akukoleka khanda pasikelo.

"Alangizi, uthenga sukubwera."

"Munatumiza?"

"Ndinadina."

"Ndiye basi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, madala. Mauthenga akutuluka pang'onopang'ono."

"Mwina mutaona nokha mmene ndinachitira."

"Madala, mzerewu mukuuona? Ana makumi asanu, ine ndekha."

A Chimphepo sindiwasungira chakukhosi kwambiri. Pang'ono ndimawasungira.

Ogasiti anatha. Sabata yoyeza inafika, a Maliseni anapita n'kubwerako ndi kapepala ka chidindo. Kalipentala anauza mkazi wake kuti ena akayezedwa tsiku lomwelo la opaleshoni. Ili ndiye linali bodza lenileni, ndipo ankalidziwa. Anapala thabwa la mwini mpaka linapyapyala n'kuwonongeka, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ntchito. Ankadziuza kuti dzina lilipo, uthenga wokha ndiwo wasochera. Makalata nawo ankasochera kale, koma munthu ukafika ndi nkhope yako ankakulandira. Ankadziuza zimenezi m'mawa n'kuzikhulupirira, pofika masana n'kuzikana.

Lolemba la sabata ya madokotala anameta ndevu. Anamanga pilo pakaliyala n'kukweza a Nachisale, atavala chitenje cha maluwa ofiira. Pachitunda ankatsika n'kumakankha. Njira yonse mkazi wake ankafunsa kuti tafika pati, iye n'kumayankha: pachigayo, pamlatho, pamsika wa matimati. Pamlatho paja anatsala pang'ono kuima kuti aulule. Anatsegula pakamwa, koma a Nachisale ndi amene anayamba.

"Pobwerera sindikufunsani. Ndizikuuzani ndine."

Anapalasa.

Pakhonde la chipatala panali tebulo, ndi mayi wina wosunga mndandanda. Kalipentala anatchula dzina. Chala cha mayiyo chinatsika pepala loyamba, chinatsika lachiwiri, n'kubwerera pamwamba.

"Mudzi?"

Anatchula.

"Agogo, dzina mulibe."

"Tayang'ananinso, mwana wanga. Mwina analemba la bambo awo."

Anayang'ananso, chifukwa anali munthu. Munalibe. Kalipentala anasuzumira pepalalo. Manambala analekera pa 37. Pansi pake mizere inali yopanda kanthu.

"Malo alipo! Si awa?"

"Malo alipo, agogo, koma amayiwa sanayezedwe. Kagalasi koika m'diso amakabweretsa molingana ndi muyezo wa munthu. Popanda muyezo, madokotala sangagwire diso."

Anagwada. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri anagwada pasimenti pamaso pa mwana wobadwa dzulo. Mayiyo anamudzutsa, misozi ikulengeza, n'kumulozera pansi pa mtengo wa mango kuti akapume. Pamenepo panali anthu ena, okalamba okhaokha, aliyense ndi womutsogolera. Kalipentala anawawerenga. Analipo 19. Malo otsala aja akanawakwana onse. Anafunsa wina, nafunsa wina, mpaka anamaliza. Onse anadina chobiriwira.

Pobwerera a Nachisale sanafunse kuti tafika pati. Atatsika pakhomo, dzanja lawo linayenda m'malere mpaka linapeza chingwe. Anachigwira n'kunena kuti, "Mwachita bwino simunamasuliretu." Za bodza lija sanatchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Kukanakhala bwino akanatukwana.

Madokotala anapita Lachisanu. A Maliseni anabwera akuwerenga nkhuku za eni panjira. Lolemba lotsatira kalipentala anapalasanso njinga, ulendo uno yekha, mpaka kuofesi ya bungwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma chitseko cha kumeneko chinali cha galasi lokhalokha, chopanda chogwirira, ndipo anaima akuchiyang'ana mpaka mlonda anabwera n'kuchikankhira cham'mbali. Mumtima anangoti, ndafika kwawo kwa nthendayi.

Anamulozera kwa Fatsani. Anamupeza m'chipinda chozizira, makatani ali otseka, kutsogolo kwake kuli kompyuta ya galasi lalikulu ngati zenera. Patebulo lina panali mayi wogwira naye ntchito. Kalipentala anavula chipewa n'kufotokoza zonse, mwaulemu, monga anatilerera makolo.

Fatsani anamwetulira.

"Pepani madala, koma munadina chizindikiro cha bungwe. Chimenecho n'chokongoletsera chabe. Batani ndi ili."

Anagwira kachipangizo kapatebulo kamene mumati mausi. Kamuvi kanayenda pagalasi, ndipo katafika pa mawu akuti Tumizani kanasanduka kadzanja koloza. Mawu otuwa aja anasanduka abuluu, kunsi kwake n'kutuluka mzere.

"Mwaona? Ukangofikapo limadzionetsa lokha. Chovuta n'chiyani pamenepa? Mukanafunsa. Safunsa anadya phula, madala."

Komatu kalipentala anali atafunsa a Dzoole, atafunsa mlangizi, atafunsa Mulungu pachulu. Anayang'ana kadzanja kaja. Kanali kokongola ndithu. Kenako anatulutsa foni ya Esinati n'kuiika patebulo.

"Bwana, kadzanjako tandionetsani apa."

Fatsani anatenga foni, natsegula tsamba. Anayendetsa chala pamwamba pa galasi. Palibe chinasintha. Foni ilibe mausi, ilibe kamuvi, ilibe kadzanja. Chala chimadina kapena sichidina, basi.

"Pafoni sikatuluka," anatero. "Koma anthu amadziwa."

"Anthu ati?"

"Aliyense wozolowera intaneti."

"Tsambali munapangira ozolowera intaneti kapena nkhalamba za ng'ala? Tiyeni panja, bwana, mukandiwerengere mawuwa padzuwa."

Sanapite panja. Amene anayankhula ndi mayi uja, osakweza mutu.

"Achimwene, ndinakuuzani mu Juni muja kuti liikeni m'bokosi, ndiponso tikayese pafoni ndi anthu akumudzi. Munati mabokosi amadetsa tsamba."

"Amadetsadi," anatero Fatsani.

Kenako anapumira m'mwamba ngati munthu amene ntchentche yamutopetsa, n'kukokera mpando kutsogolo. Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu. Pambali pake panali kapu ya tiyi, ikufuka nthunzi. Analemba timizere tingapo; ine sindidziwa kuti totani, inu mukudziwa. Mawu aja anawazinga ndi mpanda. Mkati mwa mpandamo anathiramo mtundu wakuda, zilembo n'kuziyeretsa ndi kuzikulitsa. Kunsi anaikako kamthunzi kuti lioneke lotumphuka. Chobiriwira chija anachivula mthunzi, nachichepetsa, n'kuchikankhira pakona pamwamba. Anawonjezera kuti munthu akadina, batani lizilowa mkati pang'ono, ndipo pazituluka mawu akuti Talandira dzina lanu. Anatembenuzira foni kwa kalipentala. Batani linali pamenepo, lonenepa, looneka, loti ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga n'kulidina.

"Basi madala, zatheka. Zikomo potidziwitsa."

Ananyamula kapu n'kumwa. Tiyi anali akufukabe.

Kalipentala anaiyang'ana kapuyo nthawi yaitali. Mkazi wake ndi anthu a pansi pa mango aja anatsala mumdima chifukwa cha ntchito imene inatha tiyi asanazizire. Anafunsa kuti madokotala abweranso liti. Fatsani anati zimenezo si za ofesi yake. Sanati ndinalakwa. Sanafunse dzina la mkazi wa kalipentala. Kalipentala anavala chipewa. Potuluka anaimanso pachitseko chija mpaka mlonda anabwera.

Fanizo lathera pamenepo. Tsono inu a pamabenchi anga, mverani. Chinthu chodina chizioneka kuti n'chodina munthu asanachikhudze. Chosadina musachiveke zovala za chodina. Munthu akadina mumuyankhe, monga mmene mumayankhira wonena odi pakhomo panu. Ndipo musanati ntchito yatha, tulukani m'chipinda chozizira, mukaime padzuwa ndi foni yong'aluka galasi, muipereke kwa munthu wa zala zazikulu amene akuopa kulakwitsa, inu n'kutseka pakamwa. Akaima n'kumapapasa, musamuphere mwambi. Bwererani mukaike chogwirira. Simukudziwa amene wameta kale ndevu akudikira kuseri kwa chitseko chanucho.

Madokotala sanabwerenso; chaka chilichonse amati chaka chamawa. Chitenje cha maluwa ofiira a Nachisale anapatsa Esinati Disembala uja. Khonje amaola ndi mvula, chingwe ndasintha katatu. Fatsani Kadzakumanja anamukweza pantchito chaka chomwecho. Ali ku Lilongwe, amayang'anira anzake asanu ndi mmodzi, ndipo ndamva kuti tsopano amavala magalasi.